Kumene Nsalu Imabiriwira Pamodzi ndi Minda

Chigawo cha Rajasthan, kumpoto chakumadzulo kwa dziko la India, ndi dera louma kwambiri. M'miyezi ya Meyi ndi Juni dzuwa limaswa mtengo, kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo mitsinje yambiri imasanduka makwalala a mchenga. Alimi a mchewere ndi mapira amakhala atakonza kale minda yawo, maso ali kumwamba. Mvula imene amaidikirayo imayambira kutali, ku Kerala, kumwera kwenikweni kwa dzikolo, kumene imafika kumayambiriro kwa Juni. Kuchoka kumeneko imakwera pang'onopang'ono mpaka kufika ku Rajasthan chakumapeto kwa mwezi womwewo kapena kumayambiriro kwa Julaye. Mvula ya miyezi inayi imeneyi ndiyo imapereka pafupifupi magawo atatu mwa magawo anayi a madzi onse amene dzikolo limalandira pa chaka. Ikachedwa, kapena ikadula msanga, mabanja osawerengeka amalowa m'ngongole.

Munthu akadziwa zimenezi savutika kumvetsa chifukwa chimene anthu a ku India amalemekezera mtundu wobiriwira. M'chinenero cha Hindi muli liwu loti hariyali, lotanthauza kubiriwira kwa dziko mvula ikagwa. Kubiriwira kumeneku anthu amakuvala pathupi monga chizindikiro cha moyo, cha banja ndi cha kubereka. Ngakhale mbendera ya dzikolo, imene inavomerezedwa pa 22 Julaye 1947, ili ndi mzere wobiriwira m'munsi mwake. Ulendo wathu unatsata mtundu umenewu m'malo asanu, pofuna kuona amene amauvala, amene amaupanga, ndi amene mwambo unkawaletsa kuukhudza.

Jaipur: tsiku la akatungwe

Mzinda wa Jaipur, likulu la Rajasthan, unakhazikitsidwa m'chaka cha 1727 ndi mfumu Sawai Jai Singh II. Nyumba za mkati mwa linga lake zinapakidwa utoto wa pinki m'chaka cha 1876, ndipo zikadali choncho mpaka lero. Koma m'mwezi umene iwo amautcha Sawan, umene umagwa mu Julaye kapena Ogasiti, pa tsiku lachitatu mwezi utakhala, misewu ya mzinda wofiirirawo imadzaza ndi amayi ovala zobiriwira. Limeneli ndi tsiku la Hariyali Teej.

Ahindu amati pa tsikuli amakumbukira kukumana kwa mulungu wawo wamkazi Parvati ndi mwamuna wake Shiva, Parvati atapirira nthawi yaitali akusala kudya. Nchifukwa chake chikondwererochi ndi cha amayi apabanja ndi atsikana otha msinkhu. Popeza mkazi wa kumeneko amakakhala kwawo kwa mwamuna, ino ndi nyengo imene ambiri amapita kukacheza kwa makolo awo. Amene sanathe kupita amatumiziridwa mphatso: nsalu yatsopano, zibangili zagalasi, ufa wa masamba a mehndi wolembera maluwa m'manja, ndi chakudya chozuna chotchedwa ghevar. M'midzi amamangirira akatungwe m'nthambi za mitengo, ndipo amayi akuluakulu, amene masiku ena onse amayenda mwaulemu atafunda kumutu, amakwera katungwe akuimba nyimbo za mvula. Mumzinda, fano la Parvati limatulutsidwa m'nyumba yachifumu kudzera pa chipata cha Tripolia litanyamulidwa pamachira, ndipo patsogolo pake pamakhala ngamila, akavalo ndi oimba.

Nsalu ya nyengoyi imatchedwa leheriya, dzina lochokera ku liwu lotanthauza funde la madzi. Mmisiri amatenga nsalu yopyapyala, naikulunga chopingasa kuyambira pangodya mpaka ikhale ngati chingwe. Akatero amaimanga ndi ulusi m'malo otalikirana mofanana, naiviika mu utoto. Pamene panamangidwa utoto sulowa. Akamasula, nsalu yonse imakhala ndi mizere yopendekeka yonga mafunde. Wofuna mitundu ingapo amamanganso pena ndi kuviikanso. Amayi amafunda leheriya kumutu, amuna amaizengeza ngati nduwira, ndipo m'dera limene madzi ndi osowa anthu amayenda atavala chithunzi cha madzi.

Pamsika wa Johari Bazaar pali kubiriwira kwina kumene kumakhudza dera lathu lino. Jaipur ndi mzinda wotchuka padziko lonse pa ntchito yosema ndi kupukuta miyala yobiriwira ya emerald, imene iwo amaitcha panna. Yambiri mwa miyala imeneyi imakumbidwa ku Zambia, m'boma la Lufwanyama, kumene kuli mgodi waukulu wa Kagem. Mwala umachoka ku Copperbelt uli wosasema, nufika m'tinyumba ta amisiri a ku Jaipur, ndipo kumeneko ndiko mtengo wake umakwera kwambiri. Mkanda wa pakhosi pa mkwatibwi wa ku India ungakhale utachokera m'nthaka ya ku Zambia, koma ntchito yousema, pamodzi ndi malipiro ake, ili kutsidya kwa nyanja.

Kubiriwira kuli ndi maina

Ife timangoti chinthu nchobiriwira, ngakhale mlimi aliyense amadziwa kusiyana kwa chimanga chothiridwa manyowa ndi chimanga cha m'nthaka yoguga. Ogulitsa nsalu ku India anapatsa maina kusiyana kotereku, ndipo maina ambiri anawatenga kumunda. Dhani ndi kubiriwira kowala kwa mbande za mpunga. Mehndi ndi kubiriwira kodera kwa masamba osinja. Pista ndi kubiriwira kotumbuluka kwa mtedza wa dzina lomwelo. Palinso kubiriwira kwa chinkhwe, kumene kumaoneka munthu akadali patali.

Chovala chachikulu cha amayi ndi sari, nsalu imodzi yosasoka yotalika pafupifupi mamita asanu ndi theka. Mayi amayamba wavala bulauzi yaifupi ndi siketi yamkati yomanga ndi chingwe. Amasomeka mutu wa nsaluyo m'chiuno, naizunguliza kamodzi, napinda mapindo angapo amene amawasomeka patsogolo, kenako mbali yotsalayo, yotchedwa pallu, amaiponya paphewa lakumanzere kuti ilendewere kumbuyo. Amayi a ku Gujarat amaidutsitsa kumbuyo ndi kuigwetsera patsogolo kudzera paphewa lakumanja, kuti maluwa ake aonekere pachifuwa. M'midzi ya ku Rajasthan amavala siketi yaikulu yotchedwa ghagra, bulauzi, ndi nsalu yofunda kumutu yotchedwa odhni. Ku Punjab amavala buluku lotaya ndi malaya ofika m'mawondo, ndi mpango wautali wa pamapewa wotchedwa dupatta.

Pa zovala zonsezi tinaona kuti mtundu wobiriwira suyenda wokha kawirikawiri. Sari yobiriwira imakhala ndi mphepete yofiira, ya pinki kapena yofiirira, yolukidwa ndi ulusi wonyezimira ngati golide, ndipo bulauzi imatsata mtundu wa mphepeteyo. Wovala ghagra yobiriwira amafunda odhni yachikasu kapena yofiira. Wovala zoyera amangoonjezera dupatta yobiriwira, basi wavala. Masana, makamaka m'nyengo yotentha, anthu amakonda thonje lopepuka ndi kubiriwira kowala. Usiku wa ukwati ndi wa silika wolemera wobiriwira moderapo, amene amagwirizana ndi ndolo ndi mikanda yagolide. Wofuna kumvetsa kasankhidwe kameneka ayang'ane chinkhwe, chimene thupi lake ndi lobiriwira koma mlomo wake ndi wofiira.

Ukwati usanachitike pamakhala tsiku lolemba mkwatibwi maluwa a mehndi m'manja ndi m'mapazi, ndipo pa tsikuli mkwatibwi ndi anzake amakonda kuvala zobiriwira kapena zachikasu. Mwambo umenewu amautsata Ahindu ndi Asilamu omwe. Kwa Asilamu mtunduwu uli ndi ulemu wina wachipembedzo, kotero kuti opita kumanda a munthu woyera Moinuddin Chishti ku Ajmer nthawi zambiri amanyamula nsalu yobiriwira yokayala pamandapo.

Bagru: kubiriwira kumabadwa kawiri

Makilomita pafupifupi 30 kuchoka ku Jaipur, pamsewu wopita ku Ajmer, pali tauni ya Bagru. Kumeneko kumakhala anthu a fuko la Chhipa, amene kwa mibadwo yambiri akhala akudinda maluwa pansalu ndi zidindo zosema pamtengo. Munthu akalowa m'tauniyi amaona nsalu zitayanikidwa pansi pabwalo lalikulu ndi pamadenga, ndipo manja a amuna ambiri ndi abuluu mpaka m'zigongono.

Chodabwitsa nchakuti, ngakhale dziko lonse ladzaza ndi masamba, kubiriwira kwa masamba sikugwira pansalu. Kumasuluka msanga ndi dzuwa ndi madzi. Choncho mmisiri wa utoto wachilengedwe amafika pa mtundu wobiriwira podzera njira ziwiri. Poyamba amaviika nsalu m'dzenje lakuya la utoto wa nil, umene maiko ena amautcha indigo, wochokera ku masamba a chitsamba cha m'gulu la nyemba. Nsaluyo ikamavuuka imaoneka yobiriwira motumbuluka, koma ikangokhudzana ndi mpweya imasanduka yabuluu munthu akuona. Akafuna buluu wakuda amaviika kangapo. Kenako amaithira utoto wachikasu wophika kuchokera ku makoko a makangaza ndi mizu ya haldi, imene amathiranso m'ndiwo, naukhazikitsa ndi mchere wa alum. Chikasu chikakwera pa buluu, nsalu imabiriwira.

Pofuna kuti pena pasalowe utoto, amisiri amadindapo phala la dothi losakaniza ndi laimu, manthova a mtengo ndi gaga wa tirigu, nawazapo utuchi kuti liume bwino. Njira imeneyi amaitcha dabu. Nsalu imodzi imatha masiku angapo ikudutsa m'manja mwa wochapa, wodinda, woviika ndi woyanika, ndipo ntchito yonse imadalira dzuwa ndi madzi abwino.

Chomera cha nil chili ndi mbiri yowawa kwa alimi. M'nthawi ya ulamuliro wa Britain, eni minda achizungu ankakakamiza alimi kulima nil pamtengo wotsika. Alimi a ku Bengal anakana m'chaka cha 1859. Ku Champaran, m'chigawo cha Bihar, mlimi aliyense ankakakamizidwa kupatula magawo 3 mwa magawo 20 a munda wake kuti abzalepo nil. Kampani ya BASF ya ku Germany itayamba kugulitsa utoto wa indigo wopangidwa m'fakitale m'chaka cha 1897, mtengo wa nil unagwa, ndipo eni mindawo anasenzetsa alimi mtolo wa kuluzako powakwezera lendi. Madandaulo amenewa ndiwo anafikitsa Mahatma Gandhi ku Champaran m'chaka cha 1917, ndipo lamulo la 1918 linathetsa chikakamizocho.

Masiku ano nsalu zambiri zobiriwira za pamsika zimanyikidwa ndi utoto wa mankhwala, popeza ndi wotchipa, wowala ndiponso wachangu. Mtengo wake weniweni amalipira ndi alimi a kumunsi kwa mtsinje. Ku Tiruppur, m'chigawo cha Tamil Nadu, madzi oipa ochokera m'mafakitale onyika nsalu anaononga mtsinje wa Noyyal pamodzi ndi zitsime ndi minda ya m'mbali mwake. Alimi anakasuma, ndipo m'chaka cha 2011 khoti lalikulu la Madras linalamula kuti mafakitale pafupifupi 700 atsekedwe mpaka atapeza njira yoti asatayirenso madziwo mumtsinje. Alimiwo anapambana chifukwa anasuma ali pamodzi ndipo sanatope ndi mlandu wa zaka zambiri.

Firozabad: kulira kwa zibangili

Kum'mawa kwa Jaipur, makilomita pafupifupi 40 kupitirira mzinda wa Agra, kuli Firozabad, m'chigawo cha Uttar Pradesh. Zibangili zambiri zagalasi zimene amayi a ku India amavala zimachokera kuno. M'misewu mumadutsa zikuku ndi njinga zosenza mitolo ya zibangili zomangidwa m'zingwe, ndipo nyengo ya Sawan ikayandikira mitolo yobiriwira imachuluka.

Ntchito imayambira pang'anjo. Munthu mmodzi amatapa galasi losungunuka ndi chitsulo chachitali, wina nalikoka kuti likhale ngati ulusi wokulungika pa mtanda wozungulira. Likazizira limaoneka ngati sipuling'i yaitali, imene amaidula m'litali kuti patuluke timikombero totseguka. Timikomberoti timapita m'makomo mwa anthu, kumene amayi amakhala pansi tsiku lonse akutiwongola ndi kutilumikiza palawi la nyali. Malipiro amawerengedwa potsata kuchuluka kwa mitolo, kotero banja losauka limakopeka kuti ana nawonso agwire nawo. Kwa zaka zambiri mzindawu unkatchulidwa pa nkhani yogwiritsa ana ntchito. Lamulo la 1986 linaletsa kulemba ana ntchito zoopsa, ndipo kusintha kwa 2016 kunaletsa kulemba ntchito mwana aliyense wosakwana zaka 14, koma kunasiya mpata woti mwana athandize pabizinesi ya banja akaweruka kusukulu. Alangizi a m'midzi akudziwa bwino kuti ntchito ya m'nyumba ndiyo yovuta kuiyendera.

Utsi wa ng'anjozi unafikanso kukhoti. M'chaka cha 1996 khoti lalikulu kwambiri la India linalamula mafakitale a m'dera lozungulira nyumba yotchuka ya Taj Mahal kuti aleke kugwiritsa ntchito malasha, chifukwa utsi unali kudetsa miyala yoyera ya nyumbayo. Kuyambira pamenepo ng'anjo za ku Firozabad zinasamukira ku gasi. Chibangili chimene chimagulidwa ndi ndalama yochepa, nkusweka m'masabata owerengeka, chimadutsa m'manja ambiri otere chisanafike pamkono wa mkwatibwi.

Paithan: silika wa m'mbali mwa Godavari

Kumene zibangili zobiriwira zili ndi tanthauzo lalikulu koposa ndi kumwera, m'chigawo cha Maharashtra. Kumpoto kwa India mkwatibwi amadziwika ndi zofiira, koma mkwatibwi wa Chimarathi amadziwika ndi zibangili zobiriwira zagalasi, zimene amavala m'chiwerengero chosagawika pawiri, zosakaniza ndi zina zagolide. Pamwambo weniweni wa ukwati amavala sari yachikasu yopatsidwa ndi malume ake, ndipo pambuyo pake ambiri amasintha navala silika wobiriwira. Pamphuno pamakhala chipini cha ngale chotchedwa nath, pamphumi kachizindikiro konga mwezi wokhala kumene, ndipo pakhosi mwamuna amamuveka mkanda wakuda wotchedwa mangalsutra. Mayi akakhala ndi pakati, achibale amamuchitira phwando, namuveka sari yobiriwira ndi maluwa, namuthira mpunga, kokonati ndi zipatso pachilolo.

Sari yakale ya kuno imatchedwa nauvari. Ndi yotalika mamita opitirira 8, ndipo mayi amaidutsitsa pakati pa miyendo naisomeka kumbuyo, kotero imakhala ngati buluku. Amayi achikulire a m'midzi amalima, kusenza ndi kukwera ngolo atavala choncho, popanda siketi yamkati.

Nsalu imene banja lililonse limalakalaka ndi Paithani. Dzinali limachokera ku tauni ya Paithan, m'mbali mwa mtsinje wa Godavari, makilomita pafupifupi 50 kumwera kwa mzinda umene unkatchedwa Aurangabad, umene kuyambira 2023 ukutchedwa Chhatrapati Sambhajinagar. Zaka pafupifupi 2,000 zapitazo Paithan linali likulu la mafumu a Satavahana, ndipo amalonda a ku maiko akutali ankalidziwa. Lero owomba nsaluyi ambiri ali ku Yeola, m'boma la Nashik.

Paithani imawombedwa pamanja ndi silika ndi ulusi wonyezimira wotchedwa zari. Maluwa ake sadindidwa kapena kusokereredwa pamwamba. Wowomba amakhala ndi timitengo tambiri, kalikonse ndi ulusi wa mtundu wake, ndipo amalowetsa ndi kukoletsa ulusi uliwonse ndi chala, kotero nsalu imaoneka chimodzimodzi kumaso ndi kumbuyo. Pa pallu pamakhala mbalame za pikoko, zinkhwe ndi maluwa a m'madzi. Nthawi zina ulusi woima umakhala wobiriwira pamene wopingasa ndi wofiira, ndipo nsaluyo imasintha mtundu mayi akamatembenuka. Sari yosavuta imatenga mwezi, ya maluwa ambiri imatha kupitirira chaka. Mayi amaisunga moyo wake wonse naisiyira mwana wake wamkazi kapena mpongozi wake.

Mdani wa wowomba ameneyu ndi makina a magetsi, amene amatulutsa nsalu yofanana nayo m'maonekedwe pa tsiku limodzi, nkuigulitsa ndi dzina lomwelo pamtengo wotsika kwambiri. Wogula wozindikira amatembenuza nsalu, pakuti ya makina imakhala ndi ulusi wolendewera kumbuyo kwa maluwa. Boma linayesa kuteteza amisiri ndi lamulo la 1985 lopatula mitundu ina ya nsalu kuti iziwombedwa pamanja pokha, ndiponso ndi lamulo la 1999 loteteza maina a katundu wodziwika ndi dera lake. Kuyambira 2015, tsiku la 7 Ogasiti limakumbukiridwa ngati tsiku la owomba nsalu pamanja. Kalembera wa 2019 mpaka 2020 anapeza anthu pafupifupi 3.5 miliyoni ogwira ntchitoyi m'dziko lonse, ndipo oposa 70 mwa 100 alionse anali amayi. Ambiri mwa iwo amagwira ntchito zosaoneka, monga kupota ndi kukulunga ulusi.

Dera la Marathwada, mmene muli Paithan, ndi la alimi a thonje, soya ndi nandolo, nandolo yemweyo amene India imagulanso kwa alimi a ku Malawi ndi Mozambique. Ndi dera la chilala chobwerezabwereza. Mu Epulo 2016 madamu ataphwa, boma linachita kutumiza madzi akumwa pasitima yapamtunda kuchokera ku Miraj kupita ku mzinda wa Latur, mtunda wopitirira makilomita 300. M'chaka chotere maukwati amaimitsidwa kapena kuchepetsedwa, ndipo wowomba nsalu amamva chilalacho ngakhale alibe munda.

Mpango wa paphewa la mlimi

Amuna nawonso ali ndi kubiriwira kwawo. M'chigawo cha Karnataka, mwamuna wokoleka mpango wobiriwira paphewa safunika kudzitchula kuti ndi mlimi. Mpangowo unatchuka ndi bungwe la alimi la Karnataka Rajya Raitha Sangha, limene linayamba m'chaka cha 1980, ndipo mmodzi mwa atsogoleri ake odziwika anali M. D. Nanjundaswamy. Kumpoto, mamembala a Bharatiya Kisan Union amavala zipewa ndi nduwira zobiriwira. Nduwira zimenezi zinaoneka kwambiri pamene alimi anamanga misasa m'misewu yolowera mumzinda wa Delhi kuyambira Novembala 2020, pokana malamulo atatu atsopano a zamalonda a mbewu. Anakhala pamenepo chaka chathunthu, m'chisanu ndi m'dzuwa, mpaka boma linachotsa malamulowo mu Novembala 2021. Mpango umene umapukuta thukuta kumunda ndi womwewo umene umauza nduna kuti wabwerayu sali yekha.

Herwad: amene ankalandidwa mtundu

Pali anthu ena amene chikondwerero chonsechi chimawadutsa. Popeza zibangili zobiriwira ndi chizindikiro chakuti mwamuna ali moyo, mwambo wakale umati mwamunayo akamwalira zibangili za mkazi wake ziswedwe. M'midzi yambiri izi zimachitika maliro asananyamuke, anthu akuona. Amamufufuta utoto wofiira wa pamphumi, namuvula mkanda wa ukwati ndi mphete za kuzala zakumapazi. Kuyambira tsikulo amayembekezeka kuvala zoyera kapena zosawala, ndipo saitanidwa kutsogolo pa miyambo ya ukwati ndi ya amayi apabanja, ngakhale ukwatiwo ukhale wa mwana wake wobereka yekha.

Nkhondo yolimbana ndi nkhanza zotere ndi yakale. Lamulo lolola akazi amasiye Achihindu kukwatiwanso linakhazikitsidwa m'chaka cha 1856. Pandita Ramabai anatsegula sukulu ya akazi amasiye m'chaka cha 1889, ndipo Dhondo Keshav Karve anayambitsa nyumba yowaphunzitsira ku Pune m'chaka cha 1896. Komabe patapita zaka zoposa 100 zibangili zinali kuswedwabe, chifukwa amene amaziswa si boma. Ndi apongozi, alamu ndi anansi, anthu amene mayiyo adzakhala nawo moyo wake wonse.

Mudzi wa Herwad uli m'boma la Kolhapur, dera la nzimbe, pafupi ndi malire a Maharashtra ndi Karnataka. Mliri wa Covid-19 unasiya amayi ambiri ali amasiye akadali aang'ono, ndipo anthu anaona ndi maso awo zimene mwambo unkawachita. Mu Meyi 2022 msonkhano wa mudziwo unagwirizana kuti miyambo imeneyi ithe: mkazi wamasiye asaswerwe zibangili, asafufutidwe pamphumi, asavulidwe mkanda, ndipo asasalidwe pa zochitika za m'mudzi. Ganizoli linalimbikitsidwa ndi Pramod Zinjade, wogwira ntchito zachitukuko wa m'boma la Solapur, amene anayamba ndi kulemba chikalata chopempha kuti iye akadzamwalira mkazi wake asadzachitidwe zimenezi. M'mwezi womwewo boma la Maharashtra linalembera makhonsolo onse a midzi kuwapempha kuti atengere chitsanzo cha Herwad, ndipo midzi ina yambiri inapanga zigamulo zofanana.

Nkoyenera kudziwa kuti makhonsolo amenewa ndi osankhidwa ndi anthu, ndipo amayi ali ndi mipando yawo. Kusintha kwa malamulo aakulu a dziko kwa 1992 kunapatula gawo limodzi mwa magawo atatu a mipando ya m'makhonsolo a midzi kuti likhale la amayi, ndipo Maharashtra inakweza gawoli kufika theka m'chaka cha 2011. Nkhani ya zibangili ikafika pamsonkhano wotere, amakhalapo anthu odziwa kulemera kwake.

Chigamulo cha papepala sichisintha mitima tsiku limodzi, ndipo maliro alionse amakhala mayeso atsopano. Koma chimapatsa mwana wamwamuna, mlamu kapena mnansi pogwira akafuna kunena kuti m'mudzi muno tinagwirizana kuti izi zisachitikenso. Owerenga a kuno kwathu sangaione nkhaniyi ngati yachilendo. Ku Malawi lamulo la 2011 la chuma cha masiye linaletsa kulanda katundu wa mkazi wamasiye ndi ana ake, komabe alangizi a m'midzi akudziwa kuti lamulolo limagwira ntchito pokhapokha nyakwawa, ankhoswe ndi akuluakulu a mpingo kapena a mzikiti atalankhula maliro asanachitike. Anthu a ku Herwad sanataye mwambo wa zibangili zobiriwira, ndipo akwatibwi awo akuzivalabe. Chimene anakana ndi kuti imfa ya mwamuna ikhale chifukwa chomuvulira mkazi ulemu wake pamaso pa anthu. Nkhaniyo anaikambirana pabwalo, aliyense akumva, pa tsiku limene m'mudzimo munalibe maliro.